Galimoto yonyonyomala si ya misewu ya pa Golomoti

Mnyamata akabwerako ku Joni ndi kagalimoto kake, mudzi wonse umasangalala. Amayi amalulutira, ana amathamangira kukadziyang'ana pagalasi, ndipo amalume amayambiratu kuwerengera kuti chaka chino chimanga sichichoka kumunda pamutu. Koma pakangotha sabata ziwiri, Loweruka m'mawa, galimoto ija ili patsinde pa mtengo wa mango, matayala akumbuyo achotsedwa, mwini wake ali chagada kunsi kwake ndi sipanala m'manja. Akuti akuitsitsa kuti izioneka ngati zomwe adaona ku Johannesburg ndi pa Facebook.

Galimoto ndi yake, ndalama ndi zake, palibe angamuletse. Komabe wakutsina khutu ndi mnansi. Kutsitsa galimoto pakhomo, makamaka kumbuyo kokha, n'kuononga chuma komanso kuika miyoyo ya abale pachiswe, ndipo misewu ya pa Golomoti ndi madera ozungulira siyilola masewera otere.

Khalidweli lidachokera kutali. Cha m'ma 1940, achinyamata a mabanja ochokera ku Mexico omwe ankakhala mumzinda wa Los Angeles ku America ankadula masipuling'i ndi kuika matumba a mchenga kumbuyo kwa galimoto kuti inyonyomale. Mu 1958 boma la California lidaletsa galimoto zotsika mopyola muyeso, ndipo lamuloli lidachotsedwa mu 2024. Ku South Africa nako achinyamata amanyadira galimoto zotere. Koma anzathuwo amaziyendetsa pang'onopang'ono pa phula losalala la m'tauni, ndipo ambiri amangozitulutsa tsiku la chionetsero. Sazisenzetsa matumba a feteleza.

Sipuling'i ya galimoto si chitsulo wamba. Ndiyo imasenza kulemera kwa galimoto, anthu ndi katundu, ndipo ndiyo imasiya mpata woti tayala likwere ndi kutsika likamenya dzenje. Pambali pake pali shoko, imene imaletsa galimoto kudumphadumpha. Ziwirizi adaziyeza limodzi ku fakitale. Munthu akafupikitsa sipuling'i n'kusiya shoko yakale, shokoyo imagwira ntchito itapanikizika kale, motero sichedwa kuyamba kudontha mafuta n'kufa.

Ambiri amayamba ndi kumbuyo chifukwa n'kosavuta. Pa galimoto zing'onozing'ono zochokera ku Japan monga Vitz, sipuling'i yakumbuyo imakhala payokha. Munthu akamasula mabawuti apansi a mashoko n'kutsitsa chitsulo cholumikiza matayala awiriwo, sipuling'i imatuluka ndi manja. Apa m'pomwe ambiri amanyengeka. Chitsulo chija chikatsika kwambiri chimakoka kapaipi ka mafuta a mabuleki ndi nthambo ya ABS, ndipo kapaipi kofooka sikaonetsa vuto tsiku lomwelo. Chinanso, jeki ya m'buti adaipangira kusintha tayala, munthu ali pambali. Kulowa kunsi kwa galimoto imene yangoima pa jeki kapena pa njerwa zootcha, panthaka ya mchenga ngati ya kuchigwa, n'kuitana maliro.

Choopsa koposa n'chakuti masipuling'i enieni otsitsira galimoto ndi okwera mtengo, ndiye ena amangotengera akale aja kwa wowotcherera kuti awadule kapena awatenthe ndi gasi mpaka afwambale. Moto umapha mphamvu ya chitsulocho, ndipo mbali ziwiri sizitsika mofanana. Sipuling'i yodulidwa nayo sikhazikika bwino pampando wake. Tayala likagwera m'dzenje, imatha kusuntha ngakhale kufwamphuka, galimoto ili paliwiro.

Ngakhale ntchitoyo itagwiridwa mosamala, kutsitsa kumbuyo kokha kumakweza mphuno ya galimoto. Magetsi amaunika m'mwamba, n'kumathobwa anzako m'maso usiku pa M5, msewu umene umadzaza njinga za kabaza, ngolo ndi anthu oyenda pansi. Pa mapikiapu ena, monga ma Hilux akale, pali kachipangizo komwe kamayeza kutsika kwa kumbuyo n'kuonjezera mphamvu ya mabuleki akumbuyo galimoto ikalemedwa. Pikiapu yotsitsidwa imanamiza kachipangizoko kuti yasenza katundu pomwe ilibe kanthu, ndiye dalaivala akaponda mabuleki mwadzidzidzi matayala akumbuyo amatha kumangika, galimoto n'kutembenuka.

Nanga misewu yake ndi yotani? Golomoti ndi mphambano. Pali M5 yochokera ku Salima kupita ku Balaka, ndipo pali msewu wochokera pa Masasa, pa M1, umene umatsika phiri la Khwekhwerere n'kupitirira mpaka ku Monkey Bay. Aliyense amene adatsikako Khwekhwerere amadziwa makona ake: pamafunika mabuleki, matayala ndi mashoko zogwirizana. Ukasiya phula kulowa m'midzi ya kwa Kachindamoto, m'chilimwe muli mchenga ndi zitsa, m'dzinja muli matope, ngalande ndi timitsinje tochokera m'mapiri a Dedza.

Galimoto yaing'ono imachoka ku fakitale ili ndi mpata wa masentimita 14 kapena 15 pakati pa mimba yake ndi nthaka. Masipuling'i otsitsira amachotsapo atatu kapena anayi. Mpata wotsalawo ndi wofanana ndi m'lifupi mwa njerwa, anthu asanakwere. Akalowamo anthu asanu, m'buti n'kuikamo matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50, ekizozi ndi thanki ya mafuta ndizo zimayamba kupala nthaka. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Izi n'zofunika kuzilingalira chifukwa kumudzi galimoto siyikhala ya munthu mmodzi. Ndiyo imathamangitsira mayi woyembekezera ku chipatala cha Mua pakati pa usiku. Ndiyo imakatenga agogo akadwala, imakasiya ana kusukulu ya sekondale ndi masutikesi awo, imanyamula ufa wa pamaliro. Tsiku limene yakakamira pa chitumbira pakati pa msewu, mayi akubuula kumbuyo, kukongola kwake sikungathandize aliyense.

Okonda galimoto zotsika ali ndi mfundo yawo, ndipo si yabodza. Galimoto ikatsika sipendekeka kwambiri pakona, n'chifukwa chake za mpikisano zimakhala pafupi ndi nthaka. Makampani monga Eibach ndi H&R a ku Germany amapanga masipuling'i oyezedwa bwino a mitundu yambiri ya galimoto. Koma ubwino umenewu umabwera pokhapokha masipuling'i asinthidwa onse anayi, mashoko ake ndi oyenerana nawo, matayala awongoledwa pamakina, ndipo msewu ndi wosalala. Kuchotsapo chimodzi mwa zinayizi, chotsala ndi maonekedwe okha.

Chenjezo lomweli lipite kwa a matola ndi a mataxi amene amachita zosemphana ndi izi: kukhomera timatayala m'kati mwa sipuling'i kapena kuonjezera zitsulo kuti galimoto isaoneke kuti yalemedwa. Sipuling'i ikhoza kulimba, koma mabuleki ndi matayala ndi omwe aja, ndipo potsika phiri ndiwo amanena zoona.

Amene mtima wake sungagone mpaka atatsitsa galimoto, apite kugalaja yokhala ndi zitsulo zoimikirapo galimoto, agule masipuling'i a mtundu wa galimoto yakeyo, ndipo adziwitse a inshulansi, poti pangozi angathe kukana kulipira galimoto yosinthidwa mwachinsinsi. Oyeza galimoto a nthambi ya Road Traffic, popereka chiphaso cha COF, aziyang'ananso kunsi kuti masipuling'i odulidwa ndi otenthedwa asadutse. Nawo owotcherera a pamsika aphunzire kukana ntchito zina, ngakhale zili ndi ndalama.

Makolo nawo ali ndi mawu. Mwana akabwera ndi galimoto, amuyamikire, koma amukumbutse kuti adaigula ndi thukuta la zaka zambiri kudziko la eni. Ndalama yotsitsira galimoto itha kugula matayala abwino, mashoko atsopano ndi mabuleki odalirika. Zimenezo sizioneka pachithunzi, koma ndizo zimafikitsa banja pa Masasa n'kubwerera nalo pa Golomoti lili lamoyo.