Mayi Danvers: mfiti kapena namfedwa?

Mu filimu ya Rebecca, imene Alfred Hitchcock anatulutsa mu 1940 kuchokera m'buku la Daphne du Maurier la mu 1938, mwini dzinalo sitimuona ngakhale kamodzi. Anamwalira kale. Watsala kumusungira malo ndi Mayi Danvers, woyang'anira nyumba yaikulu ya Manderley, gawo limene Judith Anderson anasewera nkhope ili gwa, osamwetulira.

Ambiri amati mayiyu ndi mfiti basi, ndipo sakunama. Maxim de Winter, mwamuna wa Rebecca, atabwera ndi mkazi wachiwiri, mtsikana wamanyazi yemwe dzina lake silitchulidwa n'komwe, Mayi Danvers akumulowetsa kuchipinda cha malemu n'kumuonetsa zovala, ngakhale zamkati, zonse zili m'malo mwake ngati mwini wake wangopita kukasamba. Akumunyengerera kuti paphwando avale diresi yofanana ndi imene Rebecca anavalapo, cholinga mwamuna wake apse mtima. Kenako ali pawindo akumunong'oneza kuti adziponye pansi. Palibe chisoni chimene chingafafanize zimenezi, ndipo mantha amene Joan Fontaine, wosewera mtsikanayo, akuonetsa amafika mpaka kwa woonera.

Komabe, m'nyumba yonseyo ndani akulira maliro? Maxim ayi, poti pambuyo pake akuulula kuti mkazi wake woyambayo ankadana naye. Buku limanena kuti Danvers analera Rebecca kuyambira ali wamng'ono. Ndiye kuti wafedwa mwana, ndipo misozi isanaume, mlendo wakhala kale pampando wa mwanayo. Palibe amene akumupepesa. Akungomuuza kuti atumikire dona watsopano.

Apa m'pamene filimuyi imandipweteka, ngakhale inatenga mphoto ya Oscar ya filimu yopambana. M'buku, Maxim anawombera Rebecca ndi mfuti. Malamulo a Hollywood a nthawiyo, otchedwa Hays Code, sankalola kuti wopha munthu apulumuke osalangidwa, choncho opanga filimu anasintha nkhani: Rebecca akungogwa pokangana n'kumenyetsa mutu. Mwamunayo watsukidwa, ndipo mlandu wonse wa m'nyumbamo watsalira mayi wofedwa uja, amene akuyatsa Manderley n'kufera m'moto momwemo. Du Maurier sanalembe kuti mayiyu anafa.

Filimu ya mu 2020, imene Kristin Scott Thomas anasewera Danvers, inabwezera mfuti m'manja mwa Maxim. Koma nayonso sinamusiye wamoyo mayiyu: akudziponya m'nyanja, Maxim n'kupitiriza moyo ndi mkazi wake.