Kevin Volans ndi ngongole ya nyanga za ku Tete

Mu 1992 gulu la oimba anayi la Kronos Quartet la ku San Francisco linatulutsa chimbale cha Pieces of Africa, chomwe chinafika pamwamba pa mndandanda wa Billboard wa nyimbo za classical. M'chimbalecho muli White Man Sleeps, nyimbo yomwe anapeka Kevin Volans, mzungu wobadwira ku Pietermaritzburg mu 1949. Zina mwa zimene anamangira nyimboyo anazitenga ku gule wa nyanga wa Anyungwe, anansi athu a m'chigwa cha Zambezi kufupi ndi Tete. Alipo amene amati kumeneku kunali kuba. Ine ndikuona kuti Volans anailemekeza nyimbo ya Anyungwe kuposa azungu ambiri amene anamutsogolera, ngakhale kuti pali ngongole imene mpaka lero sinabwezedwe.

Volans anapita ku Cologne mu 1973 kukaphunzira kwa Karlheinz Stockhausen, yemwe pa nthawiyo anali ngati mfumu ya nyimbo zamakono za ku Ulaya, ndipo pambuyo pake anakhala womuthandizira pa ntchito. Akanafuna akanakhala komweko n'kumapeka zofanana ndi za mphunzitsi wake. Koma maulendo amene anayenda kujambula nyimbo ndi mawu a kumidzi ku KwaZulu ndi ku Lesotho anamutsegula makutu. Mu 1980 analemba Mbira ndi Matepe, ndipo mu 1982 White Man Sleeps. Umboni wa ulemu wake uli pa zida. Nyimboyi poyamba inali ya ma harpsichord awiri, zida za makiyi zonga piyano za m'nthawi ya Bach, pamodzi ndi viola da gamba ndi zoomba. Volans anamasula nsambo za ma harpsichord aja n'kuzichuna motsata kachunidwe ka ku Africa. Kawirikawiri zinkayenda mosiyana: wopeka wa ku Ulaya ankatenga kanyimbo ka kuno, n'kukawongola kuti kalowe m'makiyi a piyano, n'kukakuta ndi mayimbidwe a kwawo. Apa chida cha ku Ulaya ndicho chinagonja.

Chimene anatenga ku nyanga ndi kamangidwe kake. Pa guleyu munthu aliyense amakhala ndi zitoliro zochepa zomangidwa pamodzi, zosakwana kuimba nyimbo yonse. Amaliza chake pa mpata wake, kuponyamo mawu a pakamwa, kwinaku mapazi akuponda ndi maseche kumiyendo, ndipo nyimbo imatuluka pokhapokha onse alukana bwino. Andrew Tracey anailemba papepala nyimbo imeneyi m'magazini ya African Music mu 1971, ndipo Volans anaiwerenga monga mmene wophunzira amawerengera Beethoven, kufufuza nzeru ya amene anaipanga. Ngakhale dzina la nyimbo yake linachokera komweko: pa gule muja pali pomwe zitoliro zimakhala chete, maseche okha n'kumamveka, ati kuti mzungu agoneko pang'ono.

Otsutsa ali ndi mfundo yolemera. Mu 1982 tsankho linali pachimake ku South Africa, ndipo mzungu ankatha kukwera ndege, kusindikiza nyimbo ndi kulandira ndalama za umwini, pomwe woliza nyanga ku Tete anali pakati pa nkhondo yapachiweniweni. Amanenanso kuti mu 1986, pokonzanso nyimboyi kuti iimbidwe ndi Kronos pa mavayolini awiri, viola ndi cello, kachunidwe kaja anakasiya, ndipo imeneyo ndiyo inagulidwa kwambiri. Zonsezi n'zoona. Koma kunena kuti asakanaigwira n'komwe nyimbo ya Anyungwe ndiye kuvomereza maganizo a boma la tsankho lomwelo, lomwe linkafuna kuti mtundu uliwonse ukhale m'khola lake ndi chikhalidwe chake. Volans anadumpha mpanda umenewo dala, ndipo sanabise kumene anatenga. Komanso sanasandutse Africa msika wake: chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, dzina lake litayamba kumveka, anayamba kusiya kugwiritsa ntchito nyimbo za makolo, ndipo atakhazikika ku Ireland, komwe anakhala nzika mu 1994, anatsata njira ina. Wofuna phindu lokha akanapitiriza kukama ng'ombe yomweyo.

Chotsala ndi nkhani ya maina ndi ndalama, ndipo gwero lake ndi malamulo a umwini wa nyimbo, amene amazindikira munthu wolemba papepala n'kutcha zina zonse "zamakolo", ngati kuti zilibe mwini. M'chimbale chomwecho Dumisani Maraire wa ku Zimbabwe ndi Justinian Tamusuza wa ku Uganda analembedwa maina awo monga opeka, ndipo zinayenera kutero. Anyungwe amene anakonza mapondedwe ndi malukidwe a zitoliro aja sanalembedwe monga opeka. Mabungwe otolera ndalama za oimba, SAMRO ku South Africa ndi COSOMA kuno kwathu, ndiwo ayenera kukankha kuti nyimbo ya mudzi ikalowa m'nyimbo yosindikizidwa, gawo la ndalama zake lizibwerera ku mudziwo.