Injini ikaboila n'kuyamba kulemera, siyani kaye kiyi

Mwezi wa October ukafika, amene amadutsa pa Khwekhwerere, pa Chiweta kapena pachitunda chochokera ku Chikwawa kukwera ku Blantyre amadziwa zimene amaona m'mbali mwa msewu. Boneti ili m'mwamba, nthunzi ikufuka, okwera abalalika kusaka mthunzi, kondakitala wathamanga ndi chigubu kumjigo. Madzi akathiridwa, adalaivala amabwerera pampando n'kupotokola kiyi. Injini imangoti ngrr, ngrr, molemera ngati ng'ombe yotopa pangolo ya mchenga. Pamenepo bwalo limagamula nthawi yomweyo: batire latha moto, tiimitse galimoto ina tijampe.

Ine ndikuti mphindi imeneyo ndi imene injini yomwe ikanapulumuka imamalizidwa. Batire lomwe laliza galimoto bwinobwino m'mawa, ndipo lakhala likutchajidwa ulendo wonse, silingangofa chifukwa redieta yabwata. N'zotheka, inde, makamaka ngati lamba woyendetsa alternator ndi pampu ya madzi waduka, chifukwa apo kutentha ndi kutha kwa moto zimabwera limodzi. Koma lamba ali m'malo mwake, funso loyenera ndi lakuti chikuletsa injini kuzungulira n'chiyani.

Choyamba chingakhale sitata. Imakhala pafupi ndi injini, ndipo ikapsa ndi kutentha mawaya a mkati mwake sadutsitsa magetsi mokwanira, ndiye imafooka. Ili ndi vuto laling'ono, chifukwa ikazizira imabwerera. Chachiwiri ndi mapisitoni. Ndi a aluminiyamu, chitsulo chomwe chimafufuma msanga chikatentha, ndipo oilo akapyapyala ndi moto pisitoni imayamba kukhula khoma la silinda. Mukaikakamiza, mukupala chitsulo ndi chitsulo chinzake.

Chachitatu ndiye choopsa, ndipo anthu ambiri sachiganizira. Pakati pa hedi ndi buloko ya injini pali gasiketi yomwe imasiyanitsa moto, oilo ndi madzi. Injini ikatentha kwambiri hedi imapindika pang'ono, gasiketi imapsa, madzi amayamba kudontha m'silinda. Pisitoni inapangidwa kuti izipanikiza mpweya. Madzi sapanikizika. Ndiye injini ikulemera chonchija, mwina pisitoni ikugunda madzi n'kulephera kufika pamwamba. Mukabweretsa batire lamphamvu la lole n'kujampa, kapena anyamata asanu akakankha galimoto kutsetsereka, kapena silinda ina ikangogwira moto, mphamvu yonseyo imathera pa kondirodi, chitsulo cholumikiza pisitoni ndi kirankishafti. Chimapindika. Ntchito yomwe inali yosintha gasiketi ndi kupala hedi yasanduka yogula injini ina.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kusiyanitsa zitatuzi sikufuna kompyuta. Kumafuna kudikira ndi zida zomwe makaniko aliyense wa pansi pa mtengo ali nazo. Isiyeni galimoto izizire, ola limodzi kapena kupitirira, ndipo chitsekerero cha redieta musachigwire ikadali yamoto: madzi a mkatimo amakhala atapitirira madigiri 100 chifukwa cha mphamvu yomwe chitsekererocho chimasunga, mukatsegula amakuthirani kumaso. Ikazizira solorani kachitsulo koyezera oilo, muyang'anenso kunsi kwa chitsekerero cha oilo. Mukaona oilo akuoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa kumene sayenera kulowa. Batire liyezedwe ndi mita, osati kugunditsa mawaya kuti muone ngati kuthetheka moto. Lodzaza limaonetsa ma volt pafupifupi 12.6, ndipo poliza siliyenera kutsika pansi pa 9.6.

Kenako auzeni amakaniko amasule mapulagi onse, ayang'ane ngati ena anyowa, n'kuzunguza injini ndi sipanala pa puli ya kutsogolo. Popanda mapulagi injini yabwino imazungulira mosavuta ndi dzanja. Ikalavula madzi pabowo la pulagi, yankho mwaliona ndi maso anu. Ikakana kusuntha kapena ikamagwira pena, vuto lili m'zitsulo za mkati, ndipo galimotoyo ikufunika kukokedwa. Ikazungulira bwino koma sitata n'kumalemerabe, apo ndi pamene mungakambe za sitata, mitu ya batire yochita dzimbiri kapena waya wa earth. Zonsezi sizitha ola. Makaniko amene akukuuzani kuti mugule batire, kapena akuti "yanoka iyi, bwana, ovaholo basi" asanamasule pulagi ndi imodzi yomwe, akulosera ndi ndalama zanu.

Ndikudziwa chimene woyendetsa Sienta angandiyankhe. Abwana akudikira ndalama ya tsikulo, okwera akulalata kuti abwezeredwe zawo, dzuwa likulowa, ndipo kukoka galimoto kuchokera ku Golomoti si masewera. Ndikumva. Pali ena amene anajampa, galimoto inalira, anafika kwawo. Amenewo vuto lawo linali sitata yotentha, yomwe ikanalira yokha akanadikira. Mwayi wawowo ndi umene umaphunzitsa ena chizolowezi choipa, chifukwa amene injini yake inathyoka kondirodi sabwera pa WhatsApp kudzafotokoza kuti anapotokola kiyi kasanu ndi kawiri.

Pali china chimene ife achinyamata ogula galimoto yoyamba sitiuzidwa. Timagalimoto tambiri tochokera ku Japan, monga Passo, Vitz ndi Sienta, tilibe singano yoonetsa kutentha kwa injini. Pali kanyali basi: kamayaka kobiriwira kapena kabuluu injini ikakhala yozizira, kofiira ikatentha. Singano imakupatsa mpata woona kuti zinthu zikukwera. Kanyali kofiira kakamayaka, nthawi yatha kale, ndipo mawu akuti "tingofika pa trading center" ndi amene amapinda hedi. Imani pomwepo, zimitsani.

Ndipo kutentha kuja kunachokera penapake. Nthawi zambiri ndi zinthu zotchipa: payipi yong'aluka, fani yosiya kuzungulira, chitsekerero chotopa, redieta yodzaza ndi dzimbiri chifukwa chaka chonse yakhala ikumwa madzi a pampopi m'malo mwa coolant. Amakaniko ena amakonda kuchotsa thermostat n'kuitaya, ati kuno n'kotentha kale siifunika. Sindigwirizana nazo. Thermostat yofa imasinthidwa ndi yatsopano. Kuichotsa kumangobisa chimene chikutenthetsa injini, n'kuchititsanso kuti izichedwa kufika pa kutentha komwe imagwirira bwino ntchito, ndiye imamwa mafuta ambiri, mafuta omwewa timagonera pamzere.

Mukafika kugaraja, fotokozani zonse mwa ndondomeko yake: kanyali kanayaka pati, munayendabe mtunda wotani, munathira madzi ochuluka bwanji, injini ili yamoto kapena itazizira, munayesa kuliza kangati. Ngati hedi yachotsedwa, funsani ngati yayezedwa kuti ndi yowongoka asanaike gasiketi yatsopano, chifukwa gasiketi yoikidwa pa hedi yopindika imapsanso pachitunda chotsatira.