Lisiti Likatayika, Tisathamangire Kulemba Lina

Abale ndi alongo a m'nthambi zonse, nkhani ya malisiti si yaing'ono monga aganizira ena. Wakuba wa masiku ano sathyola zenera usiku ayi. Afika dzuwa likuswa mtengo, nati, "Lisiti lija linatayika, ndilembereniko lina."

Kumbukirani za 2013. Pa Capital Hill ku Lilongwe, anthu ena a m'boma ankalowetsa malipiro abodza m'makina a IFMIS, macheke n'kusindikizidwa m'maina a makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, ndipo pambuyo pake ankafufuta zolembedwazo m'makinamo. Owerengera chuma a Baker Tilly a ku Mangalande anapeza kuti kuyambira April kufikira September chaka chimenecho panasowa ndalama zopitirira K13 biliyoni. Maiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo, ndipo amene anamva kuwawa ndi ife a kumudzi. Tsono ngati boma la makina linaberedwa chotero, nanga nthambi ya kabuku kamodzi?

Nkhanga zinapangana kusanapse. Tikunenetsa kuti lisiti lililonse likhale ndi nambala yodindidwa ndi makina, osati yolemba pamanja. Mabuku akafika kuchokera kwa wosindikiza, mlembi alembe nambala yoyamba ndi yotsiriza ya buku lililonse pamaso pa komiti. Akatha, atsopano ayambire pamene akale analekezera. Manambala akabwerezedwa, anthu awiri angathe kupereka ndalama pa nambala imodzi, za mmodzi n'kulowa m'thumba la munthu popanda wodziwa. Wosindikiza asalandire ntchito popanda kalata yosainidwa ndi wapampando pamodzi ndi mlembi.

Nanga amene lake latayikadi? Sitimukaniza, pakuti chiswe ndi mvula sizisankha nyumba. Koma msungichuma ayambe waona pepala la kaboni lotsala m'buku, ndipo amulembere kalata yotchula nambala ya lisiti loyamba, tsiku ndi ndalama zake, pamwamba atalembapo kuti "LOBWEREZA". Asang'ambe lisiti latsopano. Lolakwika nalonso lisang'ambidwe. Lidulidwe mzere ndi kusiyidwa momwemo.

Ena adzati tikukayikira asungichuma athu. Iyayi, tikuwatchinjiriza ku miseche. Chifukwa chake mabuku osayamba kulembedwa asunge mlembi, msungichuma akhale ndi limodzi lokha, ndipo pa msonkhano wa mwezi uno awerenge manambala onse mokweza, ndalama zili pa tebulo.