Kumata dzino ndi phala loyera: phindu lake ndi mavuto ake

Kwa zaka zoposa 150, dotolo wa mano akafuna kumata dzino lobowoka ankagwiritsa ntchito amalgam, chitsulo chotuwa chija chimene chimaonekera munthu akayasamula. Pafupifupi theka lake ndi mercury, ndipo n'chifukwa chake mayiko akuchitaya. Norway inachiletsa mu 2008, pangano la Minamata la mu 2013 linauza mayiko kuti achichepetse, ndipo mayiko a European Union anachisiya mu Januwale 2025. M'malo mwake mwalowa composite, phala loyera ngati dzino lenilenilo, lomwe linatheka chifukwa cha kafukufuku wa Michael Buonocore mu 1955 ndi Rafael Bowen chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960.

Ena amati izi n'zongodzikongoletsa, za anthu a m'tauni. Ine sindivomereza. Amalgam samamatirira ku dzino, choncho dotolo amagoba ndi mbali yabwinobwino yomwe kuti chitsulocho chikhazikike. Composite amamatirira ku dzino ndi guluu, dzino lambiri n'kupulumuka. Mwana amene wabenthuka dzino lakutsogolo atagwa pa njinga akhoza kutuluka m'chipinda cha dotolo tsiku lomwelo dzino lili lathunthu. Nanga atsikana ndi anyamata a ku Balaka kapena ku Nathenje, amene mano awo anachita mawanga ofiirira chifukwa cha fluoride wochuluka m'madzi a pa mjigo? Ambiri amaseka ataphimba pakamwa ndi dzanja, anzawo akuwanena kuti satsuka m'kamwa, chonsecho mswachi sungachotse mawangawo. Kuwaphimba ndi phala loyera n'kumuchotsera munthu manyazi amene sanadziputire.

Koma phalali ndi losachedwa kunyanyala. Dotolo amapaka kaye asidi kwa masekondi ochepa, n'kutsuka, n'kuumitsa, n'kupaka guluu, kenako n'kumaika phala pang'onopang'ono, akuliwalitsa ndi katochi kabuluu kuti lilimbe. Malovu akangodontherapo, ntchito yaonongeka. Pouma limanyala pang'ono, ndipo kampata kakatsala m'mphepete, dzino limayambanso kuola kunsi. Tiyi, khofi ndi fodya zimalidetsa. Pa mano otafunira, kafukufuku wambiri wapeza kuti amalgam amakhalitsa kuposa composite. Phala loyerali limadyanso nthawi ndi ndalama zambiri.

Apa m'pamene nkhani ya ku Ulaya imasiyana ndi yathu. Kuno madotolo a mano ndi ochepa kwambiri. Maphunziro a digiri ya za mano anangoyamba mu 2019 ku Blantyre, mothandizana ndi University of Glasgow. Ambiri amafika kuchipatala tsaya litatupa kale, n'kungoti: "Adokotala, ingolichotsani." Pamalo pomwe magetsi amathimathima, kuthamangira kuletsa amalgam popanda cholowa m'malo kungangochulukitsa mano ozulidwa.

Cholowa m'malocho chilipo, ndipo njira yake inabadwira kwa anansi athu. Ku Tanzania, m'zaka za m'ma 1980, Jo Frencken anayamba kukokota zoola ndi tizitsulo ta pamanja n'kumata ndi glass ionomer, simenti yoyera yosafuna magetsi, yomwenso imatulutsa fluoride woteteza dzino. Siwala ngati composite ndipo pa bowo lalikulu silimba kwenikweni, koma bungwe la WHO linaiika pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2021. Unduna wa Zaumoyo uyambire pamenepo: simentiyi izipezeka m'zipatala zing'onozing'ono, ndipo ogwira ntchito za mano aphunzitsidwe kuigwiritsa ntchito.

Amene muli ndi amalgam wolimba bwino m'kamwa, musalole kuti akugobeni chifukwa cha mtundu chabe. Pochotsapo m'pamene nthunzi ya mercury imatuluka yambiri, ndipo bowolo limakula.