KODI BAJETI NJA YANI?

Abale ndi alongo a m'nthambi zonse za Mchinji, a ku Kamwendo, ku Kapiri, ku Mkanda ndi ku Walilanji, tamverani.

Chaka ndi chaka Nduna ya Zachuma iwerenga bajeti m'Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, m'Chingerezi. M'mawa mwake anyuzi athamangira kwa eni mabanki, kwa a MCCCI ndi a ECAMA, kukafunsa ngati akondwa. Iwowo akabvomera, nyuzi ilemba kuti dziko lakondwa. Dziko liti? Mlimi wa mtedza ndi soya safunsidwa kanthu ai. Angomjambula atasenza thumba, monga ngati alibe pakamwa.

Akadatifunsa ife, funso lathu nlimodzi: ndalama zogulira mbeu zathu pa nthawi yokolola ziri kuti? Inde Boma lilengeza mitengo yoyambira, koma mtengo wa papepala sugula mtedza. ADMARC, imene inakhazikitsidwa m'1971 kuti ikhale msika wa mlimi, inatsekedwa m'2022 ndipo anchito ake zikwizikwi anachotsedwa. Ngakhale isanatsekedwe, ndalama zinkaifika mochedwa, venda atatha kale kuyenda ndi sikelo yake mudzi ndi mudzi. Venda adziwa bwino kuti mwezi wa April m'nyumba mulibe mchere, mwana alibe yunifolomu, ngongole ya feteleza yafika pakhosi. Atchula mtengo ndi iye, awerenga sikelo ndi iye yemwe. Tsono wina mwa ife akakweza matumba awiri panjinga kulinga ku Chipata kumene wamva kuti mtengo wakwera, nyuzi imutcha wozembetsa. Mwini malole amene anagula mudzi wonse pa mtengo wolira amutcha wamalonda wolemekezeka!

Za feteleza muzidziwa nokha. M'2020 thumba la AIP tinagula K4,495. Pofika 2022 linali K15,000. Chaka chomwecho ndalama zokwana K750 miliyoni za feteleza zinaperekedwa kwa ogulitsa nyama a ku Britain. Pamenepo anyuzi anagwira nchito yao, ndipo Nduna ya Malimidwe, a Lobin Lowe, anachotsedwa. Tiwayamika. Koma pamene kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023 pofuna ngongole ya IMF, masamba anadzaza ndi akatswiri otiuza kuti tipirire. Ngongoleyo inali ya madola 175 miliyoni. Anabwera 35 miliyoni okha, ndipo mu May 2025 pangano linatha. Mitengo ya feteleza, sopo ndi mafuta sinatsike nalo. Kodi akatswiri aja anabwereranso kudzatiuza chimene tinapiririra? Makolo athu pomenyana ndi Chitaganya ankafuula kuti Kwacha! Sanadziwe kuti dzinalo lidzapepuka chotere m'thumba mwa adzukulu ao.

Za wailesi ya MBC sitichulukitsa mau. Chiyambire 1964 iomba m'manja mwini mpando, asinthe asasinthe.

Chifukwa chake tsono mlembi wa nthambi iriyonse agule kope. Alembemo tsiku limene msika wa Boma watsegulidwa kwanuko, tsiku limene ndalama zauthera, ndi mtengo umene venda apereka pa kilo sabata ndi sabata. Amai asasiyidwe pambuyo, pakuti ndiwo aswa mtedza nauonanso ukuyesedwa. Makopewo mubwere nao ku msonkhano wa nthambi zonse. Tidzawatengera ku wailesi ya Mudzi Wathu, ndiponso tidzawawerenga pamaso pa aphungu athu, m'Chichewa, bajeti yina isanawerengedwe.