Khanda Lodwala Pamzere: Ndani Akuliona?

Ambiri a ife timaudziwa mzere wa kuchipatala. Timafika m'bandakucha, mwana ali kumsana thupi likutentha, kabuku ka kuchipatala kali m'manja. Timapeza mabenchi atadzaza kale, ena akhala pansi pakhonde, ena atsamira khoma. Dzuwa limatuluka mpaka kufika paliwombo mzere usanasunthe kwenikweni, ndipo mayi amangosuzumira munsalu kuona ngati mwana akupumabe. M'miyezi ya mvula, pamene malungo ndi kutsekula m'mimba zimachuluka, mzerewo umafika mpaka panja.

Alipo mabanja pakati pathu amene mwana wawo anatsirizikira pabenchi pomwepo asanaonane ndi dokotala. Pamaliro timatonthozana kuti chinali chifuniro cha Mulungu. Lero tiyeni tidzifunse moona mtima ngati mawu amenewa amakhala oona nthawi zonse, kapena ngati nthawi zina timamusenzetsa Mulungu katundu amene ndi wathu.

Vuto la kudikira nthawi yaitali si lathu lokha. Ku England, kumene anamwino athu ambiri anapita kukagwira ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kuli muyezo woti odwala 95 mwa 100 alionse ofika kumbali ya matenda adzidzidzi azikhala atathandizidwa pasanathe maola anayi. Muyezowu anaukwaniritsa komaliza mu Julaye 2015, ndipo kwa zaka zambiri zotsatira sanaufikenso. Ngati dziko lolemera chotero likuvutika, sitingayembekezere kuti kwathu kuno mzere udzatha mawa.

Zifukwa zake kwathu kuno n'zodziwika. Madokotala ndi anamwino ndi ochepa poyerekeza ndi odwala, pamene ena omaliza maphunziro a unamwino akhala akudikira nthawi yaitali kuti alembedwe ntchito. Mzinda wa Blantyre wakhala zaka zambiri wopanda chipatala cha boma chapaboma, kotero chipatala cha Queen Elizabeth, chimene timachitcha Gulupu, chasenza ntchito ya zipatala ziwiri. Makolo enanso amalambalala chipatala chaching'ono cha kwawo poopa kukapeza mankhwala atatha, n'kukaunjikana kuchipatala chachikulu. Mankhwala ambiri timagula kunja, choncho pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zomwezo zinayamba kugula mankhwala ochepa. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake lambiri la kumaiko akunja, ndipo ntchito za umoyo m'dziko muno zinali m'gulu la zimene zinkadalira thandizolo.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene dziko lathu linaphunzira, ndipo linaphunzitsanso maiko ena. Chaka cha 2001 chisanafike, ana ofika ku Gulupu ankaonedwa motsatira mzere, woyamba kufika ndiye woyamba kulowa. Pa ana 100 alionse ogonekedwa, pakati pa 10 ndi 18 ankamwalira, ndipo ambiri ankamwalira tsiku lomwe afikalo. Madokotala a ana motsogozedwa ndi Pulofesa Elizabeth Molyneux anasintha kachitidwe. Anakonza malo olandirira ana odwala mwadzidzidzi, anaphunzitsa ogwira ntchito, ndipo anaika munthu pakhomo woti aziyang'ana mwana aliyense akangofika. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2006, zinaonetsa kuti imfa zinatsika kufika pakati pa 6 ndi 8 pa ana 100 alionse.  Chimene chinasintha kwambiri n'chakuti mwana wodwalitsa anayamba kuonedwa msanga.

Njira imeneyi, yotchedwa ETAT mwachidule, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linaisindikiza mu 2005 kuti maiko ena aitsatire. Imagawa ana m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la ana amene moyo wawo uli pachiswe nthawi yomweyo: obanika kwambiri, ochita linjirinjiri, okomoka, ozizira manja chifukwa magazi sakuyenda bwino, ndi otha madzi m'thupi chifukwa chotsekula m'mimba. Amenewa salembetsa n'komwe, amapita nawo m'kati pompo. Gulu lachiwiri ndi la oyenera kutsogozedwa, monga khanda losakwana miyezi iwiri, mwana wotentha thupi kwambiri, woyera zikhatho chifukwa chosowa magazi, wotupa mapazi onse awiri, wopsa ndi moto, womwa poizoni, kapena wobwera ndi kalata yochokera kuchipatala chaching'ono. Gulu lachitatu ndi la amene angathe kudikira. Kwa munthu wophunzitsidwa, kusiyanitsa magulu amenewa sikutenga ngakhale mphindi imodzi, ndipo malangizo ake amanena kuti ngakhale mlonda wa pageti, kalaliki ndi wosesa aziphunzitsidwa kuzindikira zizindikiro zoopsa, popeza ndiwo amayamba kukumana ndi wodwala.

Nkhani imeneyi imatikumbutsa zimene timawerenga pa Marko 5:21-43. Yairo, mkulu wa sunagoge, anagwa pamapazi a Yesu kudandaulira mwana wake wamkazi wa zaka 12 amene anali pafupi kufa. Yesu ananyamuka naye, khamu la anthu likumupanikiza mbali zonse. Ali panjira, mayi wina amene anavutika zaka 12 ndi nthenda yotaya magazi, atawononga chuma chake chonse osapeza bwino, anakhudza chovala chake. Yesu anaima n'kufunsa amene anamukhudza. Ophunzira ake anadabwa nalo funsolo, chifukwa iwo ankangoona chinamtindi cha anthu. Yesu akulankhulabe ndi mayiyo, uthenga unafika woti mwana wa Yairo wamwalira. Kholo lililonse limene linadikirapo pabenchi mwana ali m'manja likudziwa mmene mtima wa bambo uja unkagundira pa mphindi zimenezo.

Kawirikawiri timalalikira nkhaniyi pofuna kulimbikitsa kudekha, n'kuwonjezera mwambi wa makolo woti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pamenepa tiyenera kusamala. Yesu anatha kuchedwa panjira chifukwa anali ndi mphamvu yodzutsa wakufa, ndipo anamudzutsadi mwanayo. Namwino wa pachipatala chathu mphamvu imeneyo alibe. Khanda limene likubanika lilibe maola oti lidikire, ndipo kuuza mayi wake kuti angodekha ndiko kumupatsa malangizo amene angamuphetse mwana. Kudekha kumene Mulungu amatifunsa ndi kwa mtima wosataya chikhulupiriro, pamene miyendo ikuthamanga ndipo pakamwa pakuitana thandizo. Yairo yemweyo sanakhale kunyumba, anadzuka n'kukadandaula pamaso pa anthu onse.

Chimene tikuphunzira kwa Ambuye m'nkhaniyi ndi diso lawo. Pakati pa khamu lalikulu anazindikira munthu mmodzi amene anali ndi vuto lenileni, ndipo sanalole kuti asowe m'chigulu. Sanayang'anenso udindo. Yairo anali munthu wotchuka, pamene mayi uja ngakhale dzina lake silinalembedwe, koma onse awiri anathandizidwa molingana ndi kusowa kwawo. Namwino woyenda pamzere, kuvundukula nsalu ndi kuyang'ana mmene mwana aliyense akupumira, akuchita ntchito yofanana ndi imeneyi, kaya iye mwini akudziwa kapena ayi.

Tsono tiyeni tidziyang'ane tokha, chifukwa mzere umawonongedwanso ndi ife Akhristu. Amene tili ndi mbale wogwira ntchito pachipatala timaimba foni tili panjira, ndipo mwana wathu wa chimfine amalowa msanga kusiya wa chibayo ali pabenchi. Ena timapereka ya fanta kwa woitana maina, Lamulungu n'kukaimba nawo kwaya popanda kudzitsutsa. Enanso timang'ung'udza tikaona mayi amene wangofika kumene akulowetsedwa, n'kuyamba kunena kuti pali katangale, osadziwa kuti mwana wake wachita linjirinjiri panjira. Makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati mawuwa timawakhulupirira, tiyenera kukhala oyamba kuimirira ndi kuitana namwino tikaona khanda la mnzathu likufooka, ngakhale zitatanthauza kuti ife tidikiranso ola lina.

Banja lililonse liyenera kudziwa zizindikiro zimene sizilola kudikira. Mwana akakana kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akachita linjirinjiri, kapena akalefuka mpaka kuvuta kumudzutsa, apite kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi usiku. Kapumidwe nako tingathe kukawerenga tokha mwana atakhala bata. Khanda losakwana miyezi iwiri likamapuma ka 60 kapena kupitirira pa mphindi imodzi, wa miyezi iwiri mpaka chaka ka 50, wa chaka mpaka zaka zisanu ka 40, kapena nthiti zikamalowa m'kati popuma, chikhoza kukhala chibayo. Tikafika tisangokhala phee kumapeto kwa mzere. Tipite kwa wogwira ntchito amene tamuona, tinene mwaulemu koma momveka kuti, "Pepani anamwino, mwanayu sanayamwe chiyambire usiku ndipo akubanika." Mwana akasintha tili pamzere, tikanenenso, chifukwa amene anali wotha kudikira m'mawa akhoza kukhala wodwalitsa masana. Podikirapo tipitirize kumuyamwitsa ngati akutha, khanda tilifunditse, ndipo wotsekula m'mimba timupatse Thanzi pang'onopang'ono.

Tinene poyera kuti kuchedwa kwina kumayambira kunyumba. Mayi amadikira bambo abwere kuti apereke chilolezo kapena ndalama ya kabaza. Ena timayamba tapita kumapemphero a usiku wonse, kuchipatala n'kupita mawa lake mwana atatheratu. Pemphero ndi chipatala sizilimbana. Mtumwi Paulo anayenda ndi Luka amene anali sing'anga, ndipo amishoni amene anabweretsa Uthenga Wabwino kuno anamanga zipatala pambali pa matchalitchi, monga ku Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo ndi Likuni. Tingathe kupemphera tili pa kabaza, ndipo Mulungu amamva.

Mipingo yathu ili ndi mphamvu imene sitikuigwiritsa ntchito mokwanira. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika ndi a m'miphakati amayendera odwala mokhulupirika. Bwanji pamsonkhano umodzi pachaka osaitana namwino wa mumpingo momwemo kuti adzaphunzitse zizindikiro zimenezi, abambo nawonso alipo? Pafupifupi mpingo uliwonse uli ndi thumba la maliro, ndipo galimoto yonyamula bokosi siisowa. Thumba laling'ono lolipirira ulendo wa mwana wodwala usiku lingachepetse maliro ena amene timasonkherawo. Zipatala za mipingo zimene zili pansi pa bungwe la CHAM zimathandiza gawo lalikulu la anthu a kumidzi, ndipo ife eni mipingo tili ndi ufulu wofunsa ngati pakhomo pa chipatala chathu pali munthu woyang'ana ana akangofika, usana ndi usiku, kapena ngati choyamba kufunsidwa ndi ndalama.

Kwa atsogoleri a dziko nakonso tili ndi mawu. M'chaka cha 2001 ku Abuja, maiko a mu Africa analonjeza kuti K15 pa K100 iliyonse ya bajeti izipita ku umoyo, koma zaka zambiri dziko lathu lalephera kufika pamenepo. Tikudziwa kuti zinthu zimatheka tikaikapo mtima. Kafukufuku wa boma wa 1992 anapeza kuti ana 234 mwa 1,000 alionse ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu, pamene wa 2015 mpaka 2016 anapeza 63. Koma njira yabwino ngati ETAT imafa pang'onopang'ono ophunzitsidwa akachoka osalowedwa m'malo, kapena namwino mmodzi akasiyidwa ndi mzere wonse pamodzi ndi wodi. Munthu wotopa chotere sangayende pamzere, ndipo kumukalipira sikuwonjezera manja. Funso loyenera lipite kwa phungu ndi khansala wa dera lathu: pachipatala chathu pali malo angati a anamwino opanda anthu, ndipo adzalembedwa liti? Makomiti a zipatala alipo, ndipo Akhristu ambiri ali m'makomiti amenewa.

Si imfa iliyonse ya mwana imene ingapewedwe, ndipo kwa makolo amene anathamanga nthawi yabwino koma mwana n'kuwasiyabe, tilibe mlandu woti tiwapatse. Ambuye amene analowa m'nyumba ya Yairo anthu akulira amalowanso m'nyumba zawo. Koma pamene mwana wafera pabenchi chifukwa panalibe womuyang'ana, tisafulumire kutchula chifuniro cha Mulungu tisanafunse chimene ife tinalephera kuchita.

Tiyeni tipemphere. Atate wachifundo, kumbukirani amayi ndi abambo amene ali pamzere lero ndi ana odwala. Patsani mphamvu anamwino ndi madokotala athu otopa, ndipo patsani atsogoleri athu mtima wosamalira ofooka. Tikhululukireni pamene tinadumpha mzere mwana wa mnzathu akuvutika, ndipo tipatseni maso oona khanda limene lili pafupi nafe. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu, Amen.